Zolemba za ntchito yosindikiza maselo amoyo: singano, presha ndi maselo amene akufa

Sabata 1. Zipangizo ndi funso

Makina osindikizira amene tikugwiritsa ntchito ndi okankha inki ndi mpweya. Inki yake ndi phala lofewa lokhala ndi maselo amoyo. Mpweya umachoka mu kompuresa, kudutsa pa regyuleta ya presha ndi pa sefa ya 0.22 µm, n'kukakankha pistoni m'sirinji ya 3 mL imene ili pamutu pa makinawo. Kunsi kwa sirinji kuli singano yopanda nsonga yomangira pa kolumikizira kopotokola ka Luer lock. Inki imatuluka ngati ulusi umodzi wosaduka, ndipo makina amauyala mzere pamwamba pa mzere mpaka chinthucho chitaima.

Funso la ntchito yonseyi ndi limodzi. Pa maselo amene timawapeza atafa tikamaliza kusindikiza, ndi angati amene afera m'singano, nanga ndi angati amene aphedwa ndi zina? Sean Murphy ndi Anthony Atala, pofotokoza mmene ntchito imeneyi inalili mu 2014, anati pa njira yokankhayi maselo opulumuka amakhala pakati pa 40 ndi 80 pa 100 alionse. Mpata waukulu chotere sitikukhulupirira kuti wonse ukuchokera ku singano.

Maselo tasankha a L929, ma fibroblast (maselo a m'minofu yolumikiza ziwalo) a mbewa. Ndi opirira, amaswana msanga, ndipo ndi amene anthu ambiri amayesera nawo poizoni wa zipangizo potsatira ISO 10993-5. Muyezo umenewo umati chinthu chili ndi poizoni ngati maselo amoyo atsika kupitirira 30 pa 100 poyerekeza ndi osakhudzidwa, choncho 70 ndiye malire athu apansi. Kupirira kwawo kuli ndi kuipa kwake: chimene L929 yapulumuka, ma stem cell, maselo otha kusanduka mitundu ina ya maselo, akhoza osapulumuka. Zimene tipeze pano zikhala za L929 basi.

Singano zachitsulo tili nazo za mitundu itatu: 22G ya bowo la 0.41 mm m'mimba mwake, 25G ya 0.26 mm, ndi 27G ya 0.21 mm. Mtundu uliwonse ulipo wa 12.7 mm m'litali ndi wa 6.35 mm. Palinso timilomo tapulasitiki tosongoka ngati fanulo, ta 22G. Nambala ya G ikamakwera bowo limachepa, ndipo makampani amasiyana pang'ono pa kukula kwa bowo, motero tikulemba mamilimita amene ali pa paketi, osati G yokha.

Sabata 2. Inki

Inki yomaliza ikhala ndi alginate (ufa wochokera ku ndere za m'nyanja) 2 g ndi gelatin 5 g pa 100 mL iliyonse, ndi maselo 2 miliyoni pa mL. Popeza maselo amabwera ndi madzi awo, timayamba ndi yolimbirapo, alginate 2.2 g ndi gelatin 5.6 g, kenako timasakaniza magawo 9 a imeneyi ndi gawo limodzi la maselo. Pa inki ya 2 mL ndiye kuti 1.8 mL ndi 0.2 mL yokhala ndi maselo 4 miliyoni. Gelatin ntchito yake ndi kugwira ulusi usaphwasuke ukangotuluka. Alginate ndi imene idzaugwire mpaka mtsogolo ikakumana ndi kashiamu, chifukwa mu inkyubeta pa madigiri 37 gelatin imasungunuka n'kumachoka pang'onopang'ono.

Zinthu ziwiri zalakwika sabata ino. Choyamba, alginate tinaisungunula mu DMEM, mediyamu kapena kuti madzi a chakudya olereramo maselo, ndipo munatuluka timibulu. DMEM ili ndi kashiamu pafupifupi 1.8 mM, wokwanira kuyamba kugwiritsa alginate apo ndi apo. Timibulu timeneti timatseka 27G, presha n'kuunjikana, kenako inki n'kutuluka kamodzi ngati yalavulidwa. Tasintha: tikusungunula m'madzi amchere a 0.9% okhala ndi HEPES 10 mM (mankhwala osunga pH isasinthe), pa madigiri 50 mpaka 60, ufa tikuthira pang'onopang'ono madzi akuzungulira.

Chachiwiri ndi kupha tizilombo. Inki yolimba chonchi sidutsa pa sefa ya 0.22 µm. Imene tinaiika mu autoclave, mphika wophera tizilombo ndi nthunzi, pa madigiri 121 inatuluka yamadzimadzi, chifukwa kutentha kotero kumadula maunyolo a alginate, ndipo ulusi wake unangoyenderera m'mbale. Tsopano tikuitenthetsa pa madigiri 70 kwa mphindi 30 katatu, n'kumaiziziritsa pakati. Njira imeneyi sipha zonse monga autoclave, choncho pa mphika uliwonse timatapa pang'ono n'kuika mu mediyamu yopanda maantibayotiki kwa masiku atatu. Mediyamu ikachita mbuu, mphika wonse tikutaya.

Posakaniza ndi maselo timalumikiza masirinji awiri ndi kolumikizira ka Luer, n'kumakankha uku ndi uku modekha pafupifupi ka 20, inki ili pa madigiri 37 pamene ili yofewa. Kolumikizirako kayambe kadzazidwa ndi inki, apo ayi mpweya umene uli mmenemo umasanduka tithovu tosawerengeka. Kathovu kakafika m'singano ulusi umaduka.

Sabata 3. Kuwerengera shear stress

Sabata ino sitinasindikize kanthu. Tinali pa pepala, ndipo zimene zatuluka zasintha dongosolo la kuyesa konse.

Inki ikamadutsa m'singano siyenda liwiro limodzi. Imene yagunda khoma imakhala ngati yaima, ya pakati imathamanga, ndipo magawo oyandikana amakhulana. Mphamvu ya kukhulana kumeneku pa dera lililonse ndiyo shear stress. Pakati penipeni pa bowo palibe, imakula molingana ndi mtunda kuchoka pakatipo, n'kufika pachimake pa khoma. Selo limene lili pakati limadutsa ngati lanyamulidwa pamsana. Limene lili m'mbali mbali yake imodzi ikukokedwa kuposa inzake, limapindika, limagudubuzika, ndipo kachikopa kolikuta kakhoza kung'ambika.

Pa singano yowongoka, shear stress ya pa khoma imapezeka pochulukitsa presha ndi kukula kwa bowo, n'kugawa ndi utali wa singano kanayi: τ = P × D ÷ 4L (P ndi presha, D ndi m'mimba mwa bowo, L ndi utali wa singano). Ubwino wa samu imeneyi ndi wakuti sifuna kudziwa kuti inkiyo ndi yotani. Pa presha ya 100 kPa ndi singano ya 12.7 mm, 22G ikupereka 0.81 kPa, 25G 0.51 kPa, 27G 0.41 kPa. Taonani bwino pamenepa: presha ikakhala imodzimodzi, singano yaikulu ndi imene ili ndi shear yochuluka pa khoma. Anthu ambiri amayembekezera zosiyana, koma chifukwa chake n'chosavuta. Pa presha yofanana, m'singano yaing'ono inki imangodontha.

Tikafananitsa pa liwiro limodzi losindikizira nkhani imatembenuka. Tinene kuti inki ikuyenda 10 mm pa sekondi m'singano zonse. Mlingo wa kukhulana pa khoma, 8v ÷ D (v ndi liwiro la inki), ndi 195 pa sekondi mu 22G ndi 381 mu 27G, pafupifupi kuwirikiza kawiri. Inki yathu ikanakhala ngati uchi, wosasintha kulimba ngakhale uutakase motani, shear stress ikanakwera ka 1.95 ndipo presha ka 3.8. Koma alginate ndi gelatin zimafewa zikamakankhidwa. Khalidwe limeneli limayezedwa ndi nambala n, imene ndi 1 pa zinthu ngati uchi ndipo imatsika pa zofewa pokankhidwa. Titatenga n ya 0.3 mongoyerekeza, kuchoka pa 22G kupita pa 27G kumakweza shear stress ka 1.22 kokha, pamene geji ya presha ikwera ka 2.4. Munthu wongoyang'ana geji angaganize kuti maselo akuzunzika kuwirikiza kawiri ndi theka, chikhalirecho pa khoma zasintha pang'ono.

Njira yachitatu ndi kufananitsa potulutsa inki yofanana pa sekondi. Pamenepo mlingo wa kukhulana umakwera ka 7.4, shear stress ka 1.8 pa n ya 0.3, presha ka 3.6. Singano ziwiri zomwezo, mayankho atatu. Pepala likangoti singano yaing'ono inapha maselo ambiri, kapena likati presha ndiyo inapha kuposa bowo, funso loyamba ndi lakuti anasunga chiyani chosasintha. Ife tasankha liwiro la inki, chifukwa ndi limene munthu wosindikiza amaligwira tsiku ndi tsiku.

Singano yaing'ono ili ndi vuto lina limene samu ya pamwambayi sionetsa. Selo la L929 loyandama ndi pafupifupi 15 µm. Mkombero wa 15 µm wozungulira khoma umatenga magawo 14 pa 100 a bowo la 22G, koma 27 pa 100 a bowo la 27G. Maselo amene ali pamalo oipitsitsa achuluka kawiri ngakhale shear itakhala yofanana.

Nanga manambalawa ndi aakulu kapena aang'ono? M'mitsempha ya magazi yochokera ku mtima, shear ya pa khoma imakhala pakati pa 1 ndi 7 Pa. Ife tili pa mazana a Pa. Mbali inayi, Andreas Blaeser ndi anzake ku RWTH Aachen mu 2016 anapeza kuti maselo a L929 opulumuka anali 96 pa 100 pansi pa 5 kPa, 91 pakati pa 5 ndi 10 kPa, ndi 76 pamwamba pa 10 kPa. Manambala amenewa amatchulidwa paliponse, koma makina awo anali a kavalavu kolavula timadontho, mmene selo limakhala pa mphamvuyo kanthawi kochepetsetsa. Kuti ife tifike 5 kPa mu 22G ya 12.7 mm pakufunika presha ya 620 kPa, mu 27G yoposa 1,200 kPa. Sitidzafikako. Komabe selo lathu limakhala m'singano sekondi 1.27 pa liwiro la 10 mm pa sekondi, ndipo la pafupi ndi khoma limachedwa kuposa apo popeza kumeneko inki imakwawa. Malire a 5 kPa sitiwatenga ngati chilolezo. Tikulemba zonse ziwiri, mphamvu ndi nthawi.

Sabata 4. Kupeza n ndi sikelo

Rheometer, makina oyeza kulimba ndi kayendedwe ka zamadzimadzi, ingatipatse n mwachindunji, koma singano yomweyo ikhoza kukhala choyezera. Timayeza kachubu ka 1.5 mL kopanda kanthu, timatulutsiramo inki kwa masekondi 60 pa presha yodziwika, timatseka msanga n'kuyezanso. Inki imalemera pafupifupi 1 mg pa µL. Timachita zimenezi pa presha zisanu, katatu pa iliyonse. Kenako timajambula logarithm ya shear stress motsutsana ndi logarithm ya 8v ÷ D, ndipo kupendekeka kwa mzerewo ndiko n. Pa 22G ndi liwiro la 10 mm pa sekondi mumatuluka 1.32 µL pa sekondi, pafupifupi 79 mg pa mphindi. Pa 27G ndi 0.35 µL, pafupifupi 21 mg, ndiye pamafunika sikelo yowerenga mpaka 0.1 mg.

Madontho oyamba anamwazikana, ndipo chifukwa chake tachipeza. Presha ya pa geji si yonse imene imathera m'singano. Ina imadyedwa ndi pistoni pokhulana ndi sirinji, ina imathera polowera pamene inki ikufinyika kuti ilowe m'bowo. Choncho 0.81 kPa ya sabata yatha ndi denga, shear yeniyeni ili pansi pake. Njira yochotsera zimenezi ndi yakale, ya Bagley: kutenga singano ziwiri za bowo limodzi, ya 12.7 mm ndi ya 6.35 mm, kupeza presha imene ikutulutsa inki yofanana pa iliyonse, n'kuchotsera. Chotsalacho ndi presha imene yathera pa 6.35 mm za chubu chokhachokha, ndipo ndiyo yolowa m'samu ija. Zotayika pa pistoni ndi polowera zimafafanizana zokha.

Kuyeza kumeneku kuchitike ndi inki yokhala ndi gawo lakhumi lija la madzi, ngakhale mulibe maselo. Ulendo woyamba tinayeza yosasungunula ija, ndipo presha zake zonse zinali zokwera kuposa zofunika.

Sabata 5. Kusindikiza koyamba ndi maselo

Tinasindikiza timasefa, tizinthu ta mizere yopingasana ngati sefa, ta 10 mm ndi 10 mm, mizere yotalikirana 2 mm, misanjo inayi, m'mbale ya zitsime 12. Maonekedwe ake timayeza ndi nambala Pr ya Liliang Ouyang ndi anzake a ku Tsinghua, 2016: utali wozungulira bowo la kasefa kuuchulukitsa ndi wokha, n'kugawa ndi dera lonse la bowolo (area) lochulukitsidwa ka 16. Bowo la ngodya zinayi zolongosoka limapereka 1. Pansi pa 0.9 inki yayenderera ndipo mabowo abulungira, pamwamba pa 1.1 yalimbitsa ndipo ulusi ukutuluka wamakwinya.

Titathira utoto woonetsa amoyo ndi akufa, chithunzi chinadzaza timadontho tofiira. Pakanakhala popanda zoyerekezera tikanalemba kuti 25G ikupha. Koma inki imene sinadutse m'singano, yongothiridwa ndi pipeti ya kamwa lalikulu, nayonso inali yofiira chimodzimodzi. Wakupha anali kwina, ndipo titafufuza tinapeza atatu.

Woyamba ndi madzi a kashiamu. Tinasungunula calcium chloride 100 mM m'madzi amchere a 0.9%. Aliyense wa awiriwa payekha ali pafupi ndi 300 mOsm, mlingo umene maselo amafuna, koma pamodzi afika pafupi ndi 600, ndipo maselo amafota ngati ndiwo zamasamba zothiridwa mchere. Tsopano tikusungunula m'madzi oyera okhala ndi HEPES 10 mM. Onaninso botolo: wa dihydrate amafunika 1.47 g pa 100 mL, wopanda madzi 1.11 g. Nthawi yomiza taitsitsa kufika mphindi 3, kenako kutsuka kawiri. Ulusi wa theka la milimita sufuna mphindi 10.

Wachiwiri ndi kuuma. Mu kabati yogwirira ntchito mpweya umawomba osaleka, ndipo kasefa koonda chonchi kamauma m'mphindi zochepa. Tinkasindikiza zitsime zonse 12 kenako n'kuthira kashiamu, ndiye koyamba kanadikira nthawi yaitali. Chizindikiro chake chikuonekera pa chithunzi: akufa aunjikana pamsanjo wapamwamba ndi m'ngodya, ndipo chitsime choyamba n'chofiira kuposa chomaliza. Tsopano kasefa kalikonse kakumizidwa kakangotha, makina asanapite pa chitsime china.

Wachitatu ndi kudikira m'sirinji. Maselo 2 miliyoni pa mL otsekeredwa m'sirinji amadya okosijeni ndi shuga popanda wowabwezera. Kuwonjezera apo DMEM ikakhala kunja kwa inkyubeta ya 5% CO2, pH yake imakwera, ndipo mtundu wake umachoka pa kufiira kupita ku pepo. Gawo la maselo lija tikuliikamo HEPES 25 mM, ndipo sirinji iliyonse tikuigwiritsa ntchito osapitirira mphindi 30 chichokereni posakaniza.

Kuyambira pano kuyesa kulikonse kukhala ndi magulu anayi: maselo ongodzalidwa m'mbale opanda inki, inki yothiridwa ndi pipeti itangosakanizidwa, inki yothiridwa ndi pipeti itakhala m'sirinji nthawi yofanana ndi yosindikiza, ndi yosindikizidwayo. Mlandu wa singano ndi kusiyana kwa gulu lachitatu ndi lachinayi kokha. Yothiridwa ndi pipeti ikhale yopyapyala ngati ulusi. Dontho lonenepa limapha maselo a pakati ndi njala ya okosijeni, popeza m'thupi momwe selo silikhala kutali ndi kamtsempha kupitirira 100 mpaka 200 µm, ndipo choyerekezera chikafa chokha singano imaoneka yosalakwa.

Sabata 6. Utoto nawo umanama

Tikugwiritsa ntchito calcein-AM 2 µM ndi ethidium homodimer-1 4 µM, mphindi 30 mpaka 45 mumdima. Calcein imalowa m'selo, ndipo ngati lili lamoyo ma enzyme ake amaidula n'kuwala mobiriwira. Ethidium silowa pokhapokha kachikopa katang'ambika, ikalowa imagwira DNA n'kuwala mofiira.

Potsuka ndi PBS, madzi amchere okhala ndi phosphate, timasefa tinayamba kufewa n'kumaphwasuka, chifukwa phosphate imalanda kashiamu amene wagwira alginate. Tikutsuka ndi madzi amchere a HEPES okhala ndi kashiamu pang'ono. Seramu ya mu mediyamu nayo ichoke kaye, popeza ili ndi ma enzyme odula calcein panja pa maselo, chithunzi chonse n'kuchita chifunga chobiriwira. Pa mbale iliyonse kasefa kamodzi timakapha dala ndi methanol ya 70% kwa mphindi 30. Kameneko kakapanda kufiira mpaka pakati, ndiye kuti utoto sunalowe ndipo zithunzi za tsikulo n'zosadalirika.

Msampha waukulu ndi uwu: selo limene laphulikiratu silioneka konse, kaya mobiriwira kaya mofiira. Kugawa obiriwira ndi onse ooneka kukhoza kupereka nambala yokongola pamene ambiri asowa. Choncho tikuwerenganso maselo onse. Kasefa koyezedwa kulemera timakasungunula mu sodium citrate 55 mM, EDTA 30 mM ndi sodium chloride 150 mM, timazungulitsa pa centrifuge, n'kuwerenga pa hemocytometer (kagalasi kowerengera maselo) ndi trypan blue ya 0.4% (utoto wolowa m'maselo akufa), kenako timafananitsa maselo pa mg ndi a gulu lachitatu. LDH ya mu mediyamu, enzyme imene imatayika m'maselo ong'ambika, ikhala umboni wachiwiri.

Nthawi yoonera tikuiika patatu: ola limodzi, maola 24, maola 72. Selo long'ambika pang'ono limatha kudzisoka lokha, ndipo Robert Chang, Jae Nam ndi Wei Sun a ku Drexel anaona kale mu 2008 kuti maselo a HepG2 (ochokera ku khansa ya chiwindi cha munthu) osindikizidwa mu alginate ena amachira pakapita nthawi. Ena amaoneka obiriwira pa ola loyamba koma ayamba kale njira ya apoptosis, kudzipha kwa selo, ndipo amafa mawa lake. Amenewa amadziwika ndi utoto wina wa annexin V. Pa maola 72 opulumuka akhoza kukhala ataswana n'kukwirira mpata wa akufa. Nambala ya nthawi imodzi yokha sitiilemba ngati yankho.

Zithunzi tikujambula pa malo asanu osankhidwiratu pa kasefa kalikonse, pa kuya kutatu, ndipo wowerenga mu pulogalamu ya pakompyuta ya Fiji sakudziwa kuti chithunzicho ndi cha gulu liti. Diso la munthu limakonda kusankha pobiriwira.

Sabata 7. Gelatin siima malo amodzi

Pa kusindikiza kumodzi tinkayamba ndi presha ina, pofika chitsime chachisanu ndi chitatu ulusi wayamba kuonda, wogwira makina n'kukweza regyuleta. Gelatin ikachoka pa madigiri 37 siilimba nthawi imodzi. Imapitirira kulimba kwa mphindi makumi angapo, ndipo digiri imodzi kapena ziwiri pakati pa 20 ndi 30 zimasintha zambiri. Ndiye timasefa ta m'mbale imodzi, tolembedwa gulu limodzi, tinalandira shear yosiyana. Apa ndi pamene presha yokwera ikutanthauzadi shear yokwera, chifukwa singano ndi yomweyo.

Pali china choipirapo. Gelatin imene yagwira kale siyenda ngati madzi, imachita kusweka kuti idutse, ndipo ulusi wake umatuluka wamakwinya. Pr ikadutsa 1.1 tikuima, osakweza presha.

Sirinji tsopano ikukhala m'chotenthetsera cha pamutu pa makina pa madigiri 25 kwa mphindi 15 tisanayambe, nthawi yomweyo ulendo uliwonse. Singano yachitsulo imatuluka kunja kwa chotenthetseracho ndipo imazizira msanga, motero makina akaima kwa mphindi imodzi inki ya mmenemo imagwira. Tisanayambirenso timatulutsira pambali kwa masekondi atatu. Kutentha kwa chipinda kukulembedwa poyamba ndi pomaliza, ndipo inki ikuyezedwa pa sikelo nthawi ziwiri zomwezo. Kulemera kukasiyana kupitirira 10 pa 100, mbale imeneyo siilowa m'chiwerengero.

Sabata 8. Polowera, singano yaifupi ndi fanulo

Samu ya sabata 3 imaona za m'chubu zokha. Sirinji ya 3 mL ndi pafupifupi 9 mm m'mimba mwake, bowo la 22G ndi 0.41 mm. Malo odutsa achepa kuposa ka 400, ndiye liwiro la inki likwera kuposa ka 400, mbali yaikulu ya kukwerako ikuchitika pamtunda waufupi pamene khosi la Luer likumana ndi chitsulo. Selo likafika pamenepo mutu wake umathamanga kuposa mchira, ndipo limatamuka. M'chubu selo limatha kugudubuzika n'kupeputsa mphamvu ina, koma potamuka palibe kogudubuzikira, komanso kutamukaku kumagwira ngakhale maselo a pakati amene shear ya pa khoma siwafika.

Singano ziwiri za utali wosiyana zija zitithandiza kulekanitsa ziwirizi. Pa liwiro limodzi, ya 6.35 mm ili ndi polowera pofanana ndi ya 12.7 mm, shear ya pa khoma yofanana, koma nthawi ya m'chubu ndi theka, sekondi 0.64. Akufa akatsika pa yaifupi, mlandu ndi wa m'chubu. Akakhala chimodzimodzi, tiyang'ane polowera. Chenjezo kwa wogwira makina: posintha kupita ku yaifupi presha itsitsidwe. Ikasiyidwa pomwepo shear ya pa khoma iwirikiza kawiri, ndipo pa inki ya n ya 0.3 zimenezo zimachulukitsa inki yotuluka pafupifupi ka 10.

Kamlomo ka fanulo kamafinya inki pang'onopang'ono, kamafuna presha yochepa kwambiri, ndipo shear yaikulu imakhala kunsonga kokha kwa kanthawi. Thomas Billiet ndi anzake ku Ghent mu 2014 anapeza kuti pa presha yotsika timilomo totere timasunga maselo a HepG2 bwino kuposa singano zowongoka. Koma samu ya P × D ÷ 4L sigwira ntchito pa fanulo popeza bowo likusintha njira yonse, ndiye tikafananitsa ndi zachitsulo pa kulemera kwa inki yotuluka basi. Vuto lake pa makina athu ndi lakuti presha yofunika ili kumunsi kwenikweni kwa regyuleta, kumene muvi wa geji sukhazikika, ndipo inki imapitirira kudontha valavu itatseka. Pakufunika regyuleta ya 0 mpaka 100 kPa.

Maperesenti athu a maselo opulumuka sitinawalembe pano dala. Mbale zimene zadutsa malamulo a masabata 5 mpaka 7 zachokera pa mphika umodzi wa inki ndi mbewu imodzi ya maselo, ndipo zitsime 12 za tsiku limodzi ndi kuyesa kumodzi, osati 12. Pakufunika maulendo atatu osiyana masiku, inki yatsopano ulendo uliwonse.

Dongosolo la masabata atatu akubwerawa ndi 22G, 25G ndi 27G, zazitali ndi zazifupi, pa liwiro la 5, 10 ndi 20 mm pa sekondi, kuphatikiza fanulo pa 10. Magulu ndi 19, ochuluka kuposa zimene sirinji imodzi ingathe m'mphindi 30, choncho agawidwa pa masirinji anayi, iliyonse ndi zoyerekezera zake, ndipo ndondomeko ya magulu isankhidwa mwamaere kuti 27G isamakhale yomaliza nthawi zonse. Ngati 27G ikana kutulutsa ulusi wosalala pa madigiri 25, tiyesa kuchotsa gelatin mu inki n'kusindikiza alginate yofewa m'bafa la timibulu ta gelatin, njira ya FRESH imene gulu la Adam Feinberg ku Carnegie Mellon linafalitsa mu 2015, mmene bafalo limagwira ulusi mpaka utalimba kenako n'kusungunuka pa madigiri 37. Zikatero n iyenera kuyezedwanso pa sikelo, ndipo m'bafamo muikidwe kashiamu wochepa kuti asagwiritse inki kukamwa kwa singano.